GALU WA PAKHOMO NDI NTHENDA YA CHIWEWE

Phunziro kwa eni agalu a m'chigwa cha Domasi

M'chigwa chathu chino, kuyambira m'tsinde mwa mapiri a Zomba ndi Malosa kufikira kumadambo kumene mtsinje wa Domasi utsikira ku nyanja ya Chilwa, mulibe mudzi wopanda agalu. Galu amatilondera nyumba usiku, amapirikitsa anyani m'munda mwa chimanga, naperekezanso anyamata ku uzimba. Ndipo malipiro ache ndi mkute ndi madeya basi. Koma galu yemweyo tikamlekerera angathe kulowetsa m'mudzi imfa yowawa kopambana, ndiyo ya chiwewe. Ndipo kawirikawiri imfayo sigwera mwini galu iai, koma mwana wa mnansi wache amene analikungodzipitira ku sukulu. M'phunziro lino tsono tiona chimene chiwewe chiri, nchito imene alangizi a ziweto amagwira potiteteza, ndi mbali imene itsalira ife eni agalu.

1. Chiwewe nchiani?

Chiwewe chimadza ndi kachirombo kakang'ono ndithu, kosaoneka ngakhale ndi galasi lija amaonera tizirombo ta malungo ku chipatala. Kachiromboka kamakhala m'malobvu a nyama yodwala, ndipo kamalowa mwa munthu pamene nyamayo yamluma, yamkanda, kapena yamnyambita pa chilonda. Kakalowa sikayenda ndi magazi monga tizirombo tina, koma kamakwawa pang'onopang'ono m'mitsempha kulinga ku ubongo. Ulendo umenewu kawirikawiri umatenga miyezi 2 kapena 3. Nthawi zina sabata limodzi lokha, nthawi zina chaka chathunthu.

Apa ndipo pagona chinyengo cha nthendayi. Bala limapola, mwana nkumasewera ndi anzache, ndipo makolo amaiwala kuti kudali galu. Tsiku lina thupi litentha, pachipsera pamayabwa kapena kuchita dzanzi, kenaka mwanayo ayamba kubwebweta ndi kuopa madzi, kotero kuti ngakhale ludzu limpweteke sangathe kumeza. Zizindikiro zimenezi zikaoneka, palibe dotolo pa dziko lapansi amene ali ndi mankhwala otsimikizika omchiritsa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO liwerengera kuti chiwewe chimapha anthu ngati 59,000 chaka chiri chonse, makamaka mu Africa ndi mu Asia. Kuti mwa anthu 100 ogwidwa nacho, ofika 99 amachitenga kwa agalu. Ndi kuti mwa 10 ali onse, ngati 4 ndi ana osafika zaka 15.

Nthendayi imadziwanso kubisala. M'chaka cha 2007 madotolo ogwira nchito pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adalengeza kuti ana ena amene anaoneka ngati akudwala malungo a mu ubongo, atapimidwa bwino adapezeka kuti chidawapha ndi chiwewe. Chifukwa chache mukapita ndi mwana wodwala ku chipatala, musabise kuti galu adamluma, chingakhale papita miyezi yambiri.

2. Mudziwe galu wodwala

Chizindikiro choyamba ndi kusintha kwa khalidwe. Galu wofatsa amasanduka wolusa, naluma nkhuni, miyala, mbuzi ndi anthu osamputa. Amayendayenda kutali ndi kwao, dobvu liri chuchuchu, ndipo mau ache pouwa amasasa. Koma pali mtundu wina wa chiwewe umene anthu ambiri saudziwa. Galu amangoti zii pa ngodya, chibwano chiri lende, miyendo ikulefuka, ngati kuti pfupa lamtsamwa pakhosi. Mwini wache pomva chisoni amapisa dzanja m'kamwa kuti achotse pfupalo, ndipo m'menemo ndimo atengera nthenda. Musachite zimenezi konse.

Amphaka, mbuzi ndi ng'ombe nazonso zimagwidwa chiwewe. Chiweto chikafa chitalumidwa ndi galu wokaikitsa, musachisende kapena kugawana nyama yache. Ndipo mukaona nkhandwe kapena nyama yina ya m'thengo italowa m'mudzi masana, yosaopa anthu, itanani ana alowe m'nyumba.

3. Kumene katemera adachokera

Pa 6 July, 1885, mnyamata wa zaka 9 dzina lache Joseph Meister, amene adalumidwa koopsa ndi galu wachiwewe, adafika naye mai wache ku Paris kwa katswiri wofufuza za tizirombo, Louis Pasteur. Pasteur adali atayesa kale katemera wache pa agalu, koma adali asanatsimikize kuti angathe kupulumutsa munthu. Adalimba mtima, mnyamatayo adabayidwa katemerayo masiku angapo motsatizana, ndipo sadadwale. Chimene chidaoneka pamenepo nchimene tidalira kufikira lero: popeza kachirombo kamayenda pang'onopang'ono, katemera woperekedwa msanga amafulumiza thupi kukonza zida zache kachiromboko kasanafike ku ubongo. Uli ngati mpikisano wa awiri othamanga, ndipo tsiku liri lonse limene tizengereza tapatsa mdani poyambira. Pasteur adamwalira pa 28 September, 1895, ndipo nchifukwa chache pa 28 September chaka ndi chaka maiko amakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe.

4. Nchito ya alangizi a ziweto

Madotolo a ziweto m'dziko lathu ngowerengeka, ngakhale kuti tsopano ena akuphunzitsidwa konkuno ku Bunda. Amene timakumana nao ife a kumudzi ndi alangizi a ziweto a Boma, aja tiwachula kuti a vetenale. Ambiri timawakumbukira nkhuku zikayamba kufa ndi chitopa kapena nkhumba ndi chigodola. Koma galu ndi mphaka nazonso ziri m'manja mwao.

Mukapita ndi galu kwa mlangizi, iye amayamba wafunsa za kadyedwe kache, namuyang'ana m'maso, m'makutu ndi m'nkhama. Nkhama zoyera mbee zimamuuza kuti magazi achepa, kaya chifukwa cha njoka za m'mimba, kaya chifukwa cha nthenda yodza ndi nkhupakupa. Tiana ta agalu totupa mimba, ubweya uli nyankhalala, kawirikawiri tiri ndi njoka. Ndipo mazira a njokazo amatsala m'dothi momwe ana athu amasewera. Galu wothothoka ubweya ndi kudzikanda usana ndi usiku ali ndi mphere kapena nthata, ndipo zonsezi ziri ndi mankhwala ache. Mlangizi amathenanso agalu amphongo kuti aleke kuyendayenda ndi kumenyana pa nyengo yokwerana. Ndipo madotolo amadziwa kutseka akazi kuti asamaswe ana amene palibe wowadyetsa.

Pano tichenjezane. Musasambitse galu ndi mankhwala opopera mbeu, kapena kumpaka mafuta akuda otsala m'galimoto, pakuti adzadzinyambita nafa. Musapatse chiweto mankhwala a anthu mwa nzeru zanu: m'bulu umodzi wa Panado ungathe kupha mphaka. Safunsa adadya phula.

Koma mwa nchito zonse za mlangizi, yoposa ndi kubaya katemera wa chiwewe. Katemerayu amasungidwa pozizira, ndicho chifukwa chache mumaona mlangizi atanyamula kabokosi pa njinga. Akabaya galu amapatsa mwini wache chikalata. Chisungeni pamodzi ndi makalata a ku sikelo a ana anu, pakuti tsiku limene galu wanu adzaluma munthu chidzakhala mboni yanu. Ena amati katemera amafoola galu wa uzimba kapena kumuumitsa kuti asabale. Zimenezi nzabodza.

5. Chifukwa ninji agalu onse?

Wina angafunse kuti: "Ine wanga ndidabayitsa, za agalu a anzanga zindikhudza bwanji?" Taganizani za moto wa m'thengo m'mwezi wa October. Umalusa pamene udzu uli wogundizana, koma ukafika pamene anthu adalambula umazima wokha posowa chogwira. Chiwewe chimatero. Galu wodwala sakhalitsa. Amafa pasanathe masiku ngati 10. Ngati agalu amene waluma asanafe ali obayidwa, nthenda imathera pomwepo. Akatswiri adapeza kuti agalu 7 mwa 10 ali onse a m'dera akabayidwa, ndipo zikachitika chaka ndi chaka, chiwewe chimasowa poponda.

Zimenezi zidayesedwa pafupi ndi ife pompano. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi Boma, lidabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Ankaika malo obayira pa masukulu ndi malo ena odziwika, ndipo pambuyo pache ankayenda khomo ndi khomo kufunafuna otsala. Galu wobayidwa ankampaka utoto pamphumi kuti adziwike. M'chaka cha 2016 nchitoyo idafika m'maboma a Chiradzulu ndi Zomba. Ambiri mwa amene ankabwera ndi agalu pa chingwe adali ana a sukulu, ndipo m'menemo ana adaphunzitsa akulu.

Nanga bwanji kubwereza chaka ndi chaka? Chifukwa agalu a kumudzi sakhala zaka zambiri. Obayidwa chaka chino ambiri adzakhala atafa zaka ziwiri zikubwerazi, ndipo m'malo mwao mudzakhala ana osabayidwa. Potero pa tsiku la katemera musasiye tiana ta agalu kunyumba poti ntating'ono, pakuti ndito timene ana athu amafukata ndi kusewera nato. Kuphanso agalu mwachisawawa sikuthetsa chiwewe: obayidwa amafera limodzi ndi osabayidwa, ndipo anthu amakatenga ena atsopano kumidzi yina. Maiko adapangana kuti pofika chaka cha 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu. Pangano lotere silikwaniritsidwa m'maofesi, koma pa bwalo la mfumu, pamene mudzi wonse wabwera ndi agalu ache. Mutu umodzi susenza denga.

6. Munthu akalumidwa

Choyamba, tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri, mukuthira ndi kuthiranso, kwa mphindi 15. Ngati mulibe wochi, ndiyo nthawi ngati imene timatha ponena Korona. Sopo amaononga kachirombo kameneka, ndipo kutsuka kotere kumachotsa tambiri tisanalowe m'kati. Musathirepo tsabola, dothi, kapena ubweya wa galuyo wootcha; musamange bala kolimba.

Chachiwiri, pitani ku chipatala tsiku lomwelo, kaya ku Domasi, kaya ku St Luke's ku Malosa, kaya ku chipatala chachikulu cha Zomba. Mukapeza kuti katemera palibe tsiku limenelo, funsani kumene ali, nimupite komweko osabwerera kunyumba kukadikira. Katemera wa munthu sabaya kamodzi kokha. Adzakuuzani masiku obweranso, ndipo muwasunge onse ngakhale bala litapola. Mai wapakati ndi khanda angathe kulandira katemerayu popanda choopsa. Bala la kumutu, kukhosi kapena ku zala ndilo lofunika changu koposa.

Chachitatu, dziwitsani mlangizi wa ziweto. Ngati galu woluma ali ndi mwini ndipo akuoneka wamoyo, ammange pa yekha masiku 10, akumpatsa chakudya ndi madzi. Akakhalabe bwino masiku onsewo, ndiye kuti malobvu ache adalibe nthenda pa tsiku lija adaluma. Koma wolumidwayo asadikire masiku 10 amenewa. Ayambe katemera, ndipo dotolo ndiye adzanena ngati nkoyenera kuleka. Galu akaphedwa, musamphwanye mutu kapena kumgwira ndi manja opanda kanthu, pakuti ubongo wache ndiwo amaupima kuti adziwe zoona.

7. Mbali yathu

Akulu adati walira mvula walira matope. Wofuna mlonda pakhomo alole kumdyetsa tsiku ndi tsiku, kumuikira madzi abwino pamthunzi, kumchotsa nkhupakupa, ndi kumbayitsa. Galu wanjala ndiye amayendayenda ku misika ngati wa Songani kutola zotaya, ndipo kumeneko amakumana ndi agalu achilendo. Galu wozolowera dzanja la mbuye wache sabvuta kumgwira pa tsiku la katemera. Koma amene adangodziwa mwala ndi ndodo amathawira kuphiri, natsala wosabayidwa. Phunzitsani ana kuti asagende agalu, asaputenso galu amene akudya kapena kuyamwitsa. Ndipo galu wachilendo akawadzera, aime chiriri osathamanga. Koposa zonse muwauze kuti akalumidwa kapena kukandidwa anene msanga, ndipo inu musawakalipire, pakuti mwana woopa chikoti amabisa bala.

Inu aphunzitsi a m'midzi, mau anu amamveka kumene mlangizi safika. Mukamva tsiku la katemera, lilengezeni anthu asanabalalike pa Sabata, ndipo galu woyamba pa mzere akhale wanu.

Mafunso okambirana

1. Chifukwa ninji munthu wolumidwa ayenera kupita ku chipatala ngakhale bala liri laling'ono?
2. Chulani mitundu iwiri ya zizindikiro za galu wachiwewe.
3. Bala litsukidwe ndi chiani, ndipo kwa nthawi yotani?
4. M'mudzi mwanu muli agalu angati, ndipo obayidwa chaka chino ndi angati?