Mayi pa ulendo wa madzulo: zoyenera ndi zosayenera

Ambirife tinaleredwa kuti mkazi sakweza mawu ndipo sakaniza munthu mwamwano. Ulemu umenewu ndi wabwino pakhomo pa apongozi, koma pa depoti kukada, chigawenga chimadalira womwewo.

1. Pokwera kabaza

Zoyenera: Kwerani pa siteji pamene wakabazayo amadziwika ndi anzake. Imbani kunyumba n'kutchula nambala ya njingayo iye akumva.

Zosayenera: Kulola njira yachidule yodutsa m'chimanga kapena kumanda chifukwa choti kwada.

2. M'minibasi

Zoyenera: Anthu akatha kutsika n'kutsala inu ndi dalaivala ndi kondakitala, tsikani pamalo owala pomwe pali anthu, ngakhale musanafike.

Zosayenera: Kukhalabe poopa kuti aganiza kuti mukuwakayikira.

3. Wina akamakulondolani

Zoyenera: Wolokani msewu, lowani m'golosale kapena pomwetsera mafuta. Akakuyandikirani, fuulani kuti: "Ndithandizeni, sindikumudziwa munthu uyu!" Mawu amenewa ndi ofunika, chifukwa anthu akaona mwamuna akukoka mkazi amati ndi za m'banja, n'kupitirira.

Zosayenera: Kuthawira kunyumba kwanu ngati kulibe munthu. Mukatero mwamulozera pomwe mumagona.

4. Akakugwirani

Zoyenera: Menyani pofooka: m'maso, pamphuno, pakhosi, kumaliseche. Akagwira mkono, upotozereni cha ku chala chake chachikulu, poti mpamene dzanja limamasuka msanga. Akangotayilira, liwiro.

Zosayenera: Kulimbana ndi wonyamula mpeni chifukwa cha foni kapena chikwama. Chiponyeni uko, inu muthawire kwina.

5. Zoipa zikachitika

Zoyenera: Thamangirani kuchipatala. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo kumeneko mulandiranso oletsa mimba. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe pali One Stop Centre. Kupolisi funsani ofesi ya Victim Support Unit, kapena imbani 5600 mwaulere.

Zosayenera: Kusamba kapena kuchapa zovala achipatala asanakuoneni, chifukwa umboni umapita ndi madzi. Musalolenso kuti abale athetse nkhaniyo pabwalo ndi mbuzi kapena ndalama: kugwiririra ndi mlandu wa kukhoti.

6. Mumtima mwanu

Zoyenera: Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, akuperekezeni.

Zosayenera: Kudziimba mlandu chifukwa cha zovala kapena nthawi yomwe munayenda. Mu Januwale 2012, mavenda ena atavula amayi ovala mathalauzi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amayi anasonkhana mu Blantyre atavala mathalauzi omwewo, kuonetsa poyera kuti wolakwa ndi wovulayo. Ngati thupi linangouma ndi mantha osatha kufuula, nazonso zimachitika kwa ambiri, ndipo sizitanthauza kuti munavomera.