Wamkulu wolemba MSCE ndi mwana wa fomu 4: mafunso ndi mayankho a kwa Chikweo

Kodi munthu wamkulu ali ndi mayeso akeake?

Ayi. Kuno kwathu bungwe la MANEB, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1987, limapereka pepala limodzi kwa onse. Mayi wa ana atatu wophunzira masana pa sukulu ya open, msodzi wa ku Chiuta wolembetsa ngati external, ndi mtsikana wovala yunifomu, onse amalemba funso lomwelo pa ola lomwelo. Ku America n'kosiyana: akulu ali ndi mayeso a GED, omwe adayamba mu 1942 pothandiza asilikali amene adasiyira sukulu panjira, ndipo mulingo wokhozera amaupeza poyesa kaye ana omaliza sekondale.

Nanga satifiketi yake ndi yotsika?

Siyotsika. Magiredi ndi omwewo: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, 9 ndiye kulephera. Chingerezi ukachilakwa, satifiketi palibe, kaya uli ndi imvi kaya ayi.

Ndani amakhoza bwino?

Nthawi zambiri zotsatira zimakomera ophunzira a m'kalasi ya m'mawa. Komatu musathamangire kunena kuti mutu wa wamkulu udauma. Mwana wa fomu 4 wakhala zaka zinayi akumva Chingerezi tsiku ndi tsiku. Wamkulu wa kwa Chikweo, yemwe kunyumba amayankhula Chiyao ndi Chichewa, amafika m'kalasi atachoka kumunda wa mpunga kapena kumsika, n'kupeza mphunzitsi amene waphunzitsa kale m'mawa wonse. Maola ndi ochepa, mabuku ndi obwerekana, ndipo zida za sayansi ena amaziona koyamba mayeso atayandikira. Palinso ichi: gulu la ma external ndi losakanikirana. Muli wobwereza yemwe akungofuna kutsitsa mapointi kuti apite ku yunivesite, mulinso amene adasiya sukulu zaka khumi zapitazo. Kuwaika onsewa m'nambala imodzi ndi kuyeza chimanga ndi zitsononkho pa sikelo imodzi.

Ofufuza akunja adapeza zotani?

Mu 1993 James Heckman ndi Stephen Cameron adaonetsa kuti a GED, pa nkhani ya malipiro, amafanana kwambiri ndi osiya sukulu kusiyana ndi omaliza sekondale. Pambuyo pake Heckman adatsindika kuti kusiyana kwawo ndi omaliza sekondale sikuchokera pa nzeru, koma pa khama ndi kupirira. Ife tikuona kuti zimenezi sizitikhudza kwenikweni, pakuti wamkulu wa kuno sadumpha silabasi, ndipo wolipira yekha fizi ndi ndalama ya nsomba khama ali nalo kale.

Sukulu ya kwacha ingandifikitse pa MSCE?

Payokha ayi. Iyo imaphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi masamu oyambirira. Za sekondale pitani mukafunse ku sukulu ya open yomwe muli nayo pafupi, kapena ku MCDE, koleji yophunzitsa anthu ali kwawo yomwe idayamba mu 1965.