Kuchoka kwa Chowe kupita ku yunivesite: zoyenera kuchita chaka choyamba

Dzina lanu latuluka pamndandanda wa bungwe la NCHE, ndipo nkhani yamveka kale kwa Chowe konse mpaka ku Malindi. Nthungululu zikatha, khalani pansi ndi makolo kapena amalume anu. Ana ambiri anzeru a kuno amene amabwerera kumudzi maphunziro asanathe sagwa chifukwa cha umbuli ayi. Amagwa ndi njala, kusowa pogona, ndiponso manyazi oopa kufunsa.

Yambani ndi za ndalama musanakwere minibasi. Bungwe la HESLGB, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, limabwereketsa ophunzira osowa ndalama za fizi ndi zodyera. Mafomu ake amadzazidwa pa intaneti ndipo ali ndi tsiku lotsekera. Ngati netiweki ikuvuta kumudzi, wolokani mlatho wa Bakili Muluzi mukachitire zimenezi paboma. Konzeranitu chiphaso cha unzika, akaunti ya kubanki ya dzina lanu, ndi simu yolembetsedwa m'dzina lanunso, osati la mlamu wanu. Si onse opempha amene amapatsidwa, ndipo ngakhale opatsidwawo ndalama siziwapeza tsiku lotsegulira sukulu. Choncho banja lisonkhe ya lendi ndi chakudya cha masabata oyamba. Kumbukiraninso kuti ndi ngongole, mudzabweza.

Kenako pogona. Zipinda zapasukulu sizikwanira onse. Ku UNIMA ku Zomba ambiri amachita lendi kwa Chikanda, ku Mzuni amafunafuna m'Luwinga. Pezani mnzanu wa ku Mangochi amene ali chaka chachiwiri kapena chachitatu, amene kumeneko amawatchula kuti makonti, akuonereni nyumbayo ndi maso: madzi alipo? Chitseko chimakhomeka? Usiku pochokera kulaibulale njira yake ndi yotani? Musatumize dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene mwangomupeza pa WhatsApp.

M'chikwama muikemo ufa, nyemba, usipa kapena utaka wouma, neti, ndi bulangete lochindikala. Mwana wa kunyanja sadziwa kuzizira kwa m'tsinde mwa phiri la Zomba mu Juni ndi Julaye, kapena chiperoni cha ku Ndata ku Thyolo komwe kuli MUST.

Tsopano za m'kalasi, pomwe pagona nkhani. Ku yunivesite kulibe belu, kulibe mphunzitsi wokulondolani kuhositelo. Sabata yoyamba lembetsani makosi anu onse, koperani ndandanda ya nthawi, ndipo pa kosi iliyonse pezani pepala lofotokoza zimene mudzaphunzire ndi mmene malikisi amagawidwira. Malikisi a pamapeto amaphatikiza mayeso aakulu ndi ntchito za mkati mwa semesita: ma asainimenti ndi timayeso tapakati. Amene anyozera asainimenti ya sabata yachinayi amakaidandaula miyezi itatu kutsogolo. Mukalephera pang'ono mumalemba sapu, mukalephera makosi ambiri amakuchotsani, kuja amati kuwidedwa. Malamulo ake amasiyana sukulu ndi sukulu, ndiye werengani buku la malamulo lomwe amakupatsani polandira atsopano.

Chingerezi chidzakuvutani poyamba, makamaka ngati mwachokera ku CDSS ndipo kunyumba mumayankhula Chiyao. Anzanu ochokera kusukulu zolipira za ku Blantyre adzayankhula ngati a pa wailesi, inu n'kumadziona wochepa. Musalole zimenezo. Mayeso a MSCE amene adakufikitsani pano ndi omwewo amene iwo adalemba. Khalani kutsogolo, lembani mawu onse amene simunamve, mukawafufuze madzulo omwewo. Pezani anzanu atatu kapena anayi okambirana nawo, ndipo muziyankhulamo, ngakhale lilime likukokakoka. Aphunzitsi ali ndi maofesi. Gogodani, funsani funso limodzi lokonzekera bwino.

Ngati kompyuta simunaigwirepo, nenani poyera ndipo pitani kuchipinda cha makompyuta tsiku lililonse kufikira mutadziwa kutaipa, kutumiza imelo ndi kusunga ntchito yanu. Kukopera ntchito ya mnzanu kapena ya pa intaneti n'kuipereka ngati yanu ndi mlandu waukulu kumeneko.

Chipembedzo chanu musachisiye pageti. Asilamu funsani za Muslim Students Association, akakuuzani kopempherera Lachisanu, kogula nyama ya halaal, ndi mmene anzanu amachitira Ramadan ikagwa nthawi ya mayeso. Akhristu kuli SCOM ndi magulu a mipingo. M'magulu amenewa ndi momwe mudzapeze wokubwerekani buku kapena wokuperekezani kuchipatala malungo akakugwirani usiku.

Kwa inu asungwana ndinene mosabisa: mwamuna aliyense wofuna thupi lanu posinthana ndi malikisi, lendi kapena foni, kaya ndi mphunzitsi kaya ndi konti, akukulakwirani. Sungani mauthenga ake, kanenani ku ofesi ya Dean of Students. Ofesi yomweyo ndi yothandizanso aliyense amene nkhawa yamukulira mpaka tulo osabwera.

Pali yesero lina lomwe ndi lathulathu la ku Mangochi. Patchuthi mudzapeza anzanu amene munali nawo ku pulaimale abwera kuchokera ku Joni ndi njinga zamoto ndi malata, inu muli ndi nsapato imodzi yomweyo. Ena pamudzi adzayamba kukupemphani ndalama poganiza kuti boma likukulipirani. Afotokozereni mwaulemu kuti kandalamako n'kachakudya ndi lendi basi. Ndalama ya ngongoleyo ikangolowa, lipirani lendi ndi kugula ufa, makala ndi sopo tsiku lomwelo, yotsalayo muigawe m'masabata.

Zikafika povuta kwenikweni, fizi yasowa kapena kumudzi kwagwa maliro kapena matenda aakulu, musangolongedza n'kukwera minibasi ya ku Liwonde mwakachetechete. Wongosowa amalembedwa kuti walephera. Pitani kwa Dean of Students, lembani kalata kwa Registrar yopempha kuti akusungireni malo, ndipo musachoke pasukulupo musanalandire yankho lolembedwa. Kope lake mulisunge pamodzi ndi satifiketi yanu ya MSCE.