Malangizo: Kusamutsa Firiji, Bedi ndi Katundu Wina Wamkulu pa Sienta kapena Noah

Mwezi ukamatha mumaona ma Sienta, Voxy ndi Noah akutuluka m'makwalala a ku Area 25 kapena ku Chilobwe atakhala pansi kumbuyo, matiresi ali pamwamba ngati chipewa. Kuchita hayala lole kwadula, ndiye aliyense akuti, "Tingopanikiza momwemu." Zimatheka ndithu. Koma galimoto zimenezi zimanyenga: mimba ndi yaikulu, msana ndi wochepa.

1. Yambani ndi kulemera, malo abwere pambuyo. Ku Japan, kumene galimotozi zimachokera, munthu mmodzi amamuwerengera makilogalamu 55. Sienta ya anthu 7 ndiye kuti anaiwerengera makilogalamu 385, woyendetsa ali momwemo. Amenewo ndi matumba a chimanga osakwana 8. Mukakweza bedi la mlombwa, firiji, kuka, ndi alamu anu awiri okathandiza kutsitsa, mwafika kale pamalire. Mukaona tayala lakumbuyo likufuna kukhuza thupi la galimoto, tsitsani zina, mudzabwerere ulendo wachiwiri. Popani matayala monga mwa manambala olembedwa pakhomo la dalaivala.

2. Yezani khomo lakumbuyo ndi tepi. Mkati mungaoneke motakasuka, koma katundu amalowera pakhomo, ndipo khomo limachepa cha kumwamba. Kuchokera pansi kufika kudenga, ngakhale mu Noah simukwana mita imodzi ndi theka. Yezaninso katunduyo pamene watambalala kwambiri, zogwirira ndi miyendo yomwe.

3. Pindani mipando. Ya kumbuyo kwa Noah ndi Voxy imapindikira m'mbali, ndiye imadyako malo; ya Sienta imalowa pansi pa mipando yapakati. Yalani makatoni pansi kuti katundu azitsetsereka osang'amba kapeti.

4. Chilichonse chomasuka, masulani. Mabawuti a bedi muwaike m'kajumbo n'kumangirira pathabwa la bedi lomwelo, chifukwa akalowa m'thumba la buluku la mnyamata wokuthandizani, usiku umenewo mugona pamkeka. Tulutsani madirowa, magalasi a m'kabati muwakulunge m'zitenje. Makabati a matabwa oumba ndi utuchi aja, amene amadzadza m'masitolo, sapirira kugwedezeka. Amasweka m'makona ndipo msomali sugwiranso.

5. Firiji ndiye yofuna kudekha. Izimitseni dzulo lake kuti madzi oundana asungunuke, muipukute, muchotse mashelefu, chitseko muchimange ndi nsalu. Chingwe chowonda chimadula labala wa m'mphepete mwa chitseko. Firiji imafuna kuyenda itaimirira, koma yaikulu ya zitseko ziwiri siingaime m'galimoto zimenezi, choncho muigoneka basi. Igonekeni chammbali, mahinjesi ali kumwamba, pa bulangete lochindikala. Musaigoneke chagada, pakuti kumbuyoko n'kumene kuli timapaipi ndi kompuresa. Chifukwa cha zonsezi ndi mafuta: mu kompuresa muli oilo, ndipo firiji ikagona oiloyo amayenderera kulowa m'mapaipi a gasi. Mukangofika n'kulumikiza kumagetsi, kompuresa imazungulira youma kapena mapaipi amatsekeka, mawa lake mukumva kuti ikulira koma siikuzizira. Iimikeni pamalo ake, idikire maola osachepera amene inagona. Ife timati ingoisiyani maola 24. Nyama ya tsiku limenelo iwambeni.

6. TV ya sikirini yopyapyala iyende itaimirira, itapanidwa pakati pa matiresi ndi mpando. Ikagona, bampu limodzi lokha likhoza kuswa galasi pakati. Silinda ya gasi itsekeni, ichotseni ku kuka, iime chilili, zenera likhale lotsegula, ndipo musaisiye m'galimoto yoima padzuwa. Makina ena ochapira amabwera ndi mabawuti ogwira diramu kumbuyo. Ngati munawasunga, abwezeretseni musananyamuke.

7. Zolemera zikhale pansi ndiponso kutsogolo, zitatsamira kumsana kwa mipando, zopepuka pamwamba. Kenaka mangani. Malegeni ndi abwino panjinga ya makala, koma pano ayi: amatamuka, ndipo mukaponda buleki mwadzidzidzi kuka amabwera kudzakupezani kuchiwongolero. Gwiritsani malamba okoka ndi chitsulo aja kapena chingwe cholimba cha nayiloni, mumangirire kuzitsulo za miyendo ya mipando. Mipata muitseke ndi mapilo ndi zikwama za zovala. Mwana asakhale pakati pa katundu, ngakhale ulendo ukhale wa ku Ndirande kupita ku Chirimba.

8. Chitseko chakumbuyo chitsekeke. Chikakhala chotsegula, utsi wa ekizozi umakokedwa kulowa mkati, ndipo mpweya woipa wa mu utsiwo sununkha. Mumangomva mutu ndi tulo. Ngati thabwa la bedi latulukira ndipo palibe kuchitira mwina, mangani chitsekocho chisamadumphe, tsegulani mazenera akutsogolo, mangirirani nsalu yofiira kunsonga, ndipo ulendo ukhale waufupi. Matiresi pamwamba popanda kariya ndi tanga la bwato: mphepo ikalowa pansi pake amanyamuka n'kukagwera amene akubwera pambuyo panu. Matiresi a thonje lasiponji apindeni alowe mkati.

9. Panjira, galimoto yolemedwa imachedwa kuima, choncho siyani mpata waukulu. Mabampu muwakwere ngati mwanyamula mazira. Potsetsereka ngati pa Khwekhwerere kapena potsikira ku Chikwawa, ikani giya yaing'ono kuti injini ithandize. Mabuleki okha amatentha n'kuleka kugwira. Mukayenda pang'ono imani mukokenso malamba, katundu amakhala atakhazikika. Ndipo tengani malisiti a firiji ndi TV. Pa rodibuloko ngati ya pa Zalewa akakufunsani kuti, "Katunduyu ndi wandani, bwana?" pepala limayankha msanga kuposa pakamwa.

10. Zina sizilowa, musalimbane nazo. Sofa wa anthu atatu, kabati yazovala yosamasuka, firiji yaikulu yogona yosungiramo nkhuku: izi zipezereni pikapu. Galasi lakumbuyo la Sienta likasweka chifukwa cha mwendo wa sofa, mudzalipira ndalama yoposa imene mwini pikapu akanakutchulirani.