Malangizo kwa Woyang'anira Otenga Magazi m'Chipatala

Inu amene mwasenzetsedwa udindo woyang'anira otenga magazi a odwala, dziwani poyamba kuti ntchito yanu imalemera m'bandakucha, pakuti madokotala, pamene ayamba kuzungulira m'mawodi dzuwa litatuluka, amafuna kupeza zotsatira zakulabotale zitafika kale, ndipo chimene chachedwa pa ola limenelo chimachedwetsa mankhwala a tsiku lonse. Chifukwa chake musagawe antchito anu mofanana pa maola onse monga agawira ndiwo pa chidyerano. Khalani sabata yathunthu mukuwerenga mapepala opempha magazi, ola ndi ola, kufikira muone pamene mtsinje umasefukira, ndipo pamenepo muikepo manja ambiri, masana mutsale ndi owerengeka. Kumbukiraninso nyengo: kuyambira Januwale kufikira Epulo, malungo akachuluka ndi mvula, wodi ya ana imadzaza, kotero tchuthi cha anthu anu chiikidwe m'chilimwe ngati kuli kotheka.

Mukatero, gawani mawodi, aliyense adziwe dera lake, ndipo wongoyamba kumene asayende yekha, koma mum'phatike kwa wozolowera. Ikani lamulo lakuti wolephera kupeza mtsempha kawiri aitane mnzake popanda manyazi. Pakuti mtsempha wa khanda, kapena wa nkhalamba yotha madzi m'thupi, umabisala ngakhale kwa katswiri, ndipo akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono tifike pa dzina, pamene ine ndimaumirira koposa. Wotenga magazi asafunse kuti, "Kodi ndinu a Phiri?" chifukwa anthu athu, mwa ulemu wao kapena mwa kulefuka ndi ululu, amavomera "inde" pa chilichonse chimene wachipatala wanena, ndiponso m'wodi imodzi a Phiri angakhalemo atatu. Wodwalayo atchule yekha dzina lake ndi tsiku lake lobadwa, kapena wom'dikirira am'tchulire, zimenezo ziyerekezedwe ndi pepala lopempha ndi kabuku kake kakuchipatala, ndipo kabotolo kalembedwe pomwepo pambali pa bedi, wantchito asanasunthe phazi. Magazi olembedwa dzina lolakwa saonetsa chilema chilichonse pamaso. Makina adzawayesa mokhulupirika, ndipo wina adzalandira mankhwala kapena magazi a mnzake.

Phuma nalo lili ndi mphotho yake yowawa. Lamba womangira mkono asapitirire mphindi imodzi. Spiriti aume kaye pakhungu kwa masekondi 30 singano isanalowe. Kabotolo katembenuzidwe mofatsa, osakhutchumula, kuopa kuti maselo ofiira angasweke, potaziyamu naoneka wokwera mwabodza. Timabotolo tidzazidwe mwa dongosolo lake: toyesera tizilombo m'magazi poyamba, kenaka ta chivindikiro chabuluu, chofiira, chobiriwira, chapepo, ndi chotuwa pomalizira, chifukwa mankhwala a m'kabotolo kachapepo akalowa m'kena amasokoneza muyeso wa potaziyamu ndi kashiamu. Kabotolo kalikonse kamene labotale yabweza ndi ulendo wachiwiri, singano yachiwiri, ndi wodwala wokwiya. Motero wothamangayo ndiye amaliza mochedwa. Sungani buku lolembamo zobwezedwazo ndi zifukwa zake, ndipo mwezi ndi mwezi muliwerenge pamodzi ndi gulu lanu, osati kuti muchititse munthu manyazi (wodzudzulidwa pagulu amaphunzira kubisa, saphunzira kukonza), koma kuti muone wodi ndi ola pamene zolakwa zimaunjikana. Kawirikawiri mudzapeza kuti pamenepo munaikapo munthu mmodzi pa ntchito ya awiri.

Pomaliza, tetezani manja amene akugwirirani ntchito. Aliyense alandire katemera wa matenda a chiwindi a Hepatitis B. Singano yogwiritsidwa kale isavindikiridwenso, koma iponyedwe m'bokosi lake, ndipo bokosilo litsekedwe likafika magawo atatu mwa anayi. Wobayidwa mwangozi asambe pabalapo ndi sopo ndi madzi, anene msanga, ndipo ayambe mankhwala oteteza ku HIV mwachangu, maola 72 asanathe, ndi kumwa masiku 28. Popeza ngozi yotere imakonda kugwa usiku, akuluakulu atapita kwao, lembani pakhoma dzina la amene amasunga kiyi wa kabati ya mankhwalawo, ndi chipinda chimene angapezekemo.