Phunziro 14: Cikwangwani colankhula cokha

Ku Songo, m'cigawo ca Tete, kuli sukulu yaikulu yophunzitsa uinjiniya. Sukuluyi ili pafupi ndi damu la Cahora Bassa. Ophunzira uinjiniya, kumeneko ndi kwina konse, amapatsidwa nchito yofufuza kapena yopanga cinthu. Akamaliza, amafotokoza nchitoyo pa pepala lalikulu lopacika pakhoma. Pepalalo ndi cikwangwani. M'Cipwitikizi amati cartaz.

Pa tsiku lacionetsero, zikwangwani zimakhala zambiri m'cipinda cimodzi. Aphunzitsi ndi alendo amaziwerenga ciimirire. Cikwangwani cikakhala cosamveka, amangocipitirira, ndipo thukuta la miyezi yambiri limapita pacabe.

Mfundo imodzi

Cikwangwani si buku. Wophunzira wanzeru amayamba wadzifunsa kuti: kodi munthu akacoka pano, akumbukire ciyani? Ngati nchito yake ndi yofotokoza za damu la Cahora Bassa, salemba zonse zimene akudziwa. Amasankha mfundo imodzi: mmene madzi a Zambezi amapangira magetsi. Zosakhudza mfundoyi amazisiya m'kope.

Mutu ndi malo ake

Zikwangwani zambiri zimalembedwa pa pepala la A0. M'lifupi mwake ndi masentimita 84, m'litali 119. Mapepala 16 a A4 akayalidwa pamodzi amakwana A0 imodzi. Pamwamba pamakhala mutu, waufupi ndiponso wa zilembo zikuluzikulu, zooneka munthu ali patali. Pansi pa mutu pamabwera dzina la wophunzira ndi la sukulu. Kenaka zigawo zimatsatana: vuto, zimene anacita, zimene anapeza. Maso amayambira kumanzere kupita kumanja, kucokera pamwamba kutsikira pansi. Zigawo nazo zimatsata njira yomweyo.

Cithunzi

Pakati pamakhala cithunzi cacikulu. Pa cithunzi ca damu pamaoneka madzi akucoka m'nyanja, akutsika ndi mphamvu m'mipope ikuluikulu, nazunguza gudumu la makina. Gudumulo limazunguza jenereta, ndipo magetsi amatuluka pa mawaya. Mivi imaonetsa kolowera madzi. Ciwalo ciliconse cimalembedwa dzina pambali pake. Mitundu iwiri kapena itatu ndi yokwanira. Zilembo zakuda pa pepala loyera zimawerengeka bwino kuposa zacikasu. Malo ena amasiyidwa opanda kanthu kuti maso apume.

Manambala

Injiniya amadziwika ndi manambala oona. Wophunzira amasankha ocepa okha: khoma la damu ndi lotalika mamita 171, linatha kumangidwa mu 1974, ndipo pali makina 5 opanga magetsi. Makina amodzi amatulutsa mamegawati 415, onse pamodzi 2075. Nambala iliyonse imayenda ndi muyezo wake. Kulemba 171 pokhapokha n'kusoceretsa owerenga, cifukwa sadziwa ngati ndi mamita kapena masentimita. Kulemba 117 m'malo mwa 171 n'koipa koposa. Mphunzitsi akaona colakwa cimodzi cotere, amayamba kukayikira zonse.

Kuyesa

Asanapacike cikwangwani, wophunzira amaitana mnzake amene sadziwa za nchitoyo. Amamuimika mamita awiri kucokera pakhoma kwa mphindi imodzi, iye ali cete. Kenaka amamufunsa zimene wamva. Mnzakeyo akanena mfundo ija, cikwangwani cakhoza. Akalephera, wolakwa si iye ai. Cikwangwanico ndico cifunika kukonzedwanso.

Yankha mafunso awa:
1. Cifukwa ciyani cikwangwani siciyenera kukhala ndi mawu ambiri?
2. Ndi mapepala angati a A4 amene amakwana A0 imodzi?
3. Mivi imagwira nchito yanji pa cithunzi ca damu?
4. Culukitsa 415 ndi 5. Wapeza nambala iti ya m'phunziroli?

Nchito ya m'magulu:
Pitani ku mjigo kapena ku cigayo ca kwanu, mukaone mmene cimagwirira nchito. Jambulani cikwangwani cokhala ndi mutu umodzi, cithunzi cimodzi ndi manambala atatu amene mwayeza nokha. Cipacikeni m'kalasi, ndipo gulu lina linene zimene lamva.