Galimoto yoyendera mpweya ikagwada, katundu atsike kaye

Ku Area 47, cha ku Bwandilo ndi m'misewu yolowera m'masekita, kawirikawiri mumaoneka galimoto zazikulu zomatidwa pepala loti zikugulitsidwa. Zina mwa izo, monga Land Rover Discovery, Range Rover, Mercedes-Benz ndi mitundu ina ya Toyota Prado ndi Harrier, mtengo wake umakhala wotsika modabwitsa. Wamalonda amene watopa ndi kulipira hayala amayamba kuwerengera kuti akapinda mipando yakumbuyo, mabelo a kaunjika kapena matumba a mbatata alowa bwinobwino. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zambiri mwa galimotozi sizikhala pa masipuling'i achitsulo, zimakhala pa mpweya, ndipo mpweyawo ukathawa umathawa ndi mpamba.

Mmene zimagwirira ntchito

Pamalo pa sipuling'i, galimoto yotere imakhala ndi chibaluni cha labala wolimba chimene amakaniko amachitchula kuti airbag. Chibalunichi n'chosiyana ndi chija chimafufuma pachiwongolero pangozi. Galimoto zina zili ndi zibaluni kumatayala onse anayi, pamene Prado imakhala nazo kumbuyo kokha. Kompuresa yoyendera magetsi a galimoto imapopa mpweya kudzera m'timapaipi, masensa amayeza kutalika kwa galimoto kuchokera pansi, ndipo kompyuta imalamula kuti mpweya uwonjezedwe kapena uchepetsedwe. N'chifukwa chake galimotoyi ikasenza katundu imadzikweza yokha n'kuoneka ngati sinanyamule kanthu.

Vuto ndi ukalamba wa labala. Discovery 3 idayamba kupangidwa mu 2004, Prado ya mtundu wa 120 mu 2002, ndipo zambiri zimafika kuno zitayenda kale zaka zingapo kunja. Labala akakalamba amachita ming'alu popindika, fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja n'kumamukwecha mpaka mpweya kuyamba kutuluka. Pofuna kubwezeretsa mpweyawo, kompuresa imalira kosapuma, imatentha, kenako n'kupsa. Chimene chidayamba ngati kabowo ka chibaluni chimodzi chimathera pogula zipangizo ziwiri kapena zitatu.

Zizindikiro zake

Galimoto imayamba yachenjeza isanagwe. Ikagona usiku wonse, m'mawa imapezeka itapendekeka mbali imodzi kapena itagwada kumbuyo, n'kudzuka injini ikalizidwa. Kompuresa imamveka nthawi yaitali kuposa kale, kapenanso kulira pafupipafupi galimoto ili chiimire. Nthawi zina pamamveka kamluzu ka mpweya pafupi ndi tayala, ndipo padashibodi pamayaka nyali yochenjeza.

Mwini galimoto angathe kudziyezera yekha popanda kulipira. Madzulo aimike galimoto pamalo osalala, ayeze ndi tepi kuchokera pakati pa tayala kufika pamlomo wa bodi kumatayala onse anayi, alembe. M'mawa ayezenso asanalize injini. Mbali imene yatsika ndi imene ikutaya mpweya. Akathira madzi a sopo pachibaluni ndi polumikizira mapaipi, pobooka pamachita thovu. Koma asalowetse mutu kapena dzanja pakati pa tayala ndi bodi, ndipo asalowe kunsi popanda zochirikiza zachitsulo, chifukwa mpweya ukatuluka mwadzidzidzi galimoto imatsika nthawi yomweyo.

Kodi ingayende itagwada?

Injini imalira, magiya amalowa, choncho galimoto imasuntha ndithu. Apa ndi pamene ambiri amanamizika. Mpweya ukatheratu, bodi imakhala pa timalabala tolimba timene tidaikidwa kuti zitsulo zisagundane. Timeneti sitinapangidwe kuti tinyamule galimoto paulendo. Bampu iliyonse imafika pabodi ndi pakatundu mmene ilili. Tayala limadumphadumpha m'malo mogwira msewu, motero mabuleki amachedwa kuimitsa galimoto ndipo pokhota imatha kuterereka. Kunsi kumakhula mahampu ndi miyala, zomwe zingaboole sampu ya oyilo kapena kuthyola ekizozi. Pa galimoto zina tayala limakhudza bodi n'kuyamba kudyeka. Chibaluni chimene chikadapulumuka chimapanikizika n'kung'ambikiratu. Kumbuyo kukagwada, nyali zakutsogolo zimaloza m'mwamba n'kumathobwa m'maso anthu obwera kutsogolo, zomwe n'zoopsa kwa amalonda olawirira m'bandakucha kukapikula ku Wakawaka.

Choncho yankho ndi lakuti ingayende kamtunda kochepa, pang'onopang'ono, yopanda katundu, ulendo wake wopita kugalaja basi. Kuchoka ku Area 47 kupita kwa makaniko ku Biwi kapena ku Old Town n'kotheka ngati tayala silikukhudza bodi. Kupita nayo ku Mchinji, ku Jenda kapena ku Lizulu kukatenga katundu ndi kutchova juga ndi moyo komanso mpamba.

Zikachitikira panjira

Woyendetsa apatuke pamalo abwino, ayatse mahazadi, aike zikwangwani zochenjeza. Kenako katundu atsike. Thumba limodzi la chimanga ndi makilogalamu 50, ndiye matumba 10 ndi theka la tani, kuphatikizapo anthu okwera. Kuitana pikapu kapena kalole kuti katundu akafike kumsika kumawawa m'thumba tsiku limenelo, koma mateleyi a mazira kapena mabasiketi a tomato sangapirire galimoto yogunda pansi pa hampu iliyonse.

Katundu akatsika, woyendetsa azime injini, adikire mphindi zingapo kuti kompuresa izizire, n'kulizanso. Nthawi zina galimoto imadzuka. Aonenso fyuzi ya kompuresa, poti mwina yangopsa ndi imeneyo, ndipo malo ake amalembedwa m'buku la galimoto kapena pachivundikiro cha bokosi la mafyuzi. Fyuzi yatsopano ikapsanso, asamangepo waya, chifukwa akhoza kuotcha mawaya a galimoto yonse. Ngati kompuresa ikungolira koma galimoto osadzuka, kuchotsa fyuziyo kumaipulumutsa kuti isapse. Pomaliza ayang'ane mpata wa pakati pa tayala ndi bodi, chiwongolero atachikhotetsa mbali zonse ziwiri. Ngati pakukhudzana, kapena kunsi kwatsala pang'ono kugunda pansi, galimotoyo inyamulidwe pa breakdown. Ngati mpata ulipo, ayende mosapitirira makilomita 30 pa ola, akwere mahampu ngati akuyenda wapansi, ndipo apewe nthawi ya m'mawa ndi madzulo pamene misewu imadzadza.

Masamu a kugalaja

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kubwezeretsa za mpweya. Zibaluni zimasinthidwa ziwiriziwiri, chakumanja ndi chakumanzere, chifukwa zidakalamba limodzi. Kugula kompuresa yatsopano pobooka pasanapezeke n'kutaya ndalama, chifukwa nayonso ipsa. Makaniko wodziwa ntchitoyi amalumikiza kompyuta kuti aone chavuta, osati kungoyerekeza. Zipangizozi zimachokera kunja, monga ku South Africa, Dubai ndi Japan, ndipo mitengo yake imatsata dola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wotere adakwera nayo limodzi. Chibaluni chakale chochotsedwa pa galimoto ina chimatchipa, koma labala wake ndi wokalamba chimodzimodzi.

Njira yachiwiri ndi kuchotseratu za mpweya n'kuikapo masipuling'i achitsulo opangidwira galimoto ya mtunduwo. Galimoto imauma pang'ono ndipo sidzikwezanso yokha ikasenza, koma nkhani ya kompuresa imathera pomwepo. Kwa munthu amene amanyamula katundu tsiku ndi tsiku, kawirikawiri njira imeneyi ndi imene imasunga ndalama. Masipuling'i ongodula pa galimoto ina, kapena kupanikiza thabwa ndi zidutswa za tayala, kumapendeketsa galimoto ndipo kungailepheretse kupeza COF ku Road Traffic.

Asanapereke ndalama

Wofuna kugula afunse mosapita m'mbali ngati galimotoyo ili pa mpweya kapena pa masipuling'i. Apemphe kukaiona m'mamawa kumene yagona, injini isanalizidwe, chifukwa yoonetsedwa masana imakhala itadzipopa kale. Ayesenso batani lokwezera ndi kutsitsira ngati lilipo. Asanagwirizane mtengo, akafunse kumashopu a zipangizo mtengo wa zibaluni ziwiri ndi kompuresa, n'kuphatikiza pa mtengo wa galimotoyo. Ndalama yonse pamodzi ndiye mtengo wake weniweni. Ngati ikuposa ya pikapu kapena Probox yoyenda bwino, wamalonda asiye galimotoyo pomwe waipeza, ndalama yake ikagwire ntchito pa geni.